Bwanji timaseka nthano zoopsa?

Ndani mwa inu amene sanauzidwepo kuti mwana woseweretsa chikuni chamoto usiku amakodza pogona? Kwezani mkono tione. Palibe eti? Nanga zoti ukaloza manda chala chimawola, kapena zoti woimba mluzu usiku amaitana afiti? Kuno ku Malowera mawu amenewa timakula nawo ngati mmene timakulira ndi nsima. Ine ndili msinkhu wanuwo ndinalozapo manda mwangozi, ndipo ndinagona nditafumbata chala, n'kumadzuka pakati pa usiku kuchinunkhiza kuti ndimve ngati chayamba kuwola. Chala chake ndi chomwechi chagwira cholembera lero.

Akuluakulu a mitundu yonse amaopseza ana ndi nkhani, zimenezo n'zakalekale. Chimene chimandizunguza mutu ine n'chakuti ana nkhani zoopsazo amazikonda. Mumakakamira ambuya kuti abwereze yomwe ija inakulizani dzulo. Nyimbo yake mumaiimba popita kudambo, osakumbukanso kuti mwininyimboyo anathera m'mimba mwa fisi. Ku England zinafika poti gulu lina la oimba linatola nkhani zotere n'kupanga sewero lathunthu, anthu n'kumalipira ndalama zawo kuti akaseke ana akufa mmodzimmodzi. Musatong'ole maso, ambiri mwa anawo anali zidole. Koma tisathamange, tiyambire pamene nkhaniyi inayambira.

Dokotala amene anasowa buku

Mu Disembala 1844, mumzinda wa Frankfurt ku Germany, dokotala wina dzina lake Heinrich Hoffmann analowa m'masitolo kufunafuna buku la zithunzi loti apatse mwana wake Carl pa Khirisimasi. Carl anali ndi zaka 3. Mabuku amene bamboyo anapeza anali a malangizo ataliatali, aja oti mwana akamva mizere iwiri tulo tamutenga. Anabwerera kunyumba atagula kope lopanda kanthu, nati alembe yekha.

Kujambula sanayambire pamenepo. Pantchito yake ankakumana ndi ana odwala amene akangoona dokotala ankalira chokuwa. Iye ankatulutsa pepala n'kuyamba kujambula kamunthu koseketsa uku akufotokoza nkhani yake, mwana n'kuiwala kulira, dokotala n'kumuyeza bwinobwino. Ndiye luso lomwelo analiika m'kope lija. Anzake ataliona anamuumiriza kuti alisindikize, ndipo linatuluka mu 1845 lili ndi nkhani 6. Kenako nkhanizo zinafika 10, bukulo n'kudziwika ndi dzina lakuti Struwwelpeter. Yesani kulitchula, lilime lipindika. Tanthauzo lake ndi Peter wa tsitsi lanyankhalala, mnyamata amene ankakana chipeso ndi lumo mpaka tsitsi linaima ngati chitsamba, zikhadabo n'kutalika kuposa zala zenizenizo.

Peter ndiye anapepukidwa, chifukwa chilango chake n'kunyansidwa ndi anthu basi. Imvani za anzake.

Kamtsikana kena, Paulinchen, kanatsala kokha panyumba n'kuona bokosi la machesi. Amphaka awiri a panyumbapo anakachenjeza, anakweza ndi miyendo yomwe, koma iko ayi. Kanakhwecha kamtengo kamodzi, moto n'kugwira diresi. Pachithunzi chomaliza pamangooneka mulu wa phulusa, nsapato ziwiri, ndi amphaka aja akulira misozi yoyenda ngati kamtsinje. Konrad ankayamwa chala chamanthu. Mayi ake potuluka anamuuza kuti akapitiriza kubwera telala. Chitseko chitangotsekedwa chala chinalowa m'kamwa, ndipo telala anatulukiradi chothamanga, atanyamula sizasi yaitali ngati mwendo wa munthu, n'kudula zala zamanthu zonse ziwiri. Kaspar, mnyamata wonenepa bwino, anayamba kukana msuzi. Tsiku lililonse chithunzi chake chimaonda, tsiku lachinayi watsala ngati ulusi, lachisanu pangokhala manda. Pamandapo wojambula anaikapo mbale ya msuzi ija. Nkhanza zake! Koma ndikuuzeni zoona, nditaona mbaleyo koyamba ndinaseka.

Muli ndi nkhani ina imene inuyo mungaizindikire msanga. Mlenje anagona pansi pa mtengo, kalulu n'kubwera mwakachetechete, kumulanda mfuti ndi magalasi a m'maso, n'kuyamba kumuthamangitsa mpaka mlenjeyo anadziponya m'chitsime. Kodi ameneyu si Kalulu wathu yemwe uja? Zikuoneka kuti ali ndi abale ku Germany.

Imodzi yokha ndiyo imandiwawa, ndipo sindikubisirani. Anyamata atatu ankaseka mnyamata wakuda amene ankadutsa mumsewu. Munthu wamkulu wotchedwa Nikolas anawaletsa, iwo osamva, ndiye anawanyamula n'kuwaviika m'botolo lalikulu la inki, n'kutulukamo ali bii. Hoffmann ankafuna kunena kuti kuseka munthu chifukwa cha khungu lake n'kulakwa, ndipo pamenepo ndikugwirizana naye. Koma taonani chilango chimene anasankha: kuda. Ndiye kuti ngakhale iye mumtima mwake ankaona kuda ngati tsoka. Buku likhoza kukhala lotchuka n'kukhalabe ndi pophonya, ndipo mwana wochenjera amaloza pomwepo. Kuloza kumeneko chala sichiwola.

Bukuli linafalikira m'zinenero zambiri. Mlembi wotchuka wa ku America, Mark Twain, analimasulira m'Chingelezi mu 1891 ali ku Berlin, kumasulira ana ake aakazi. Ku England, Hilaire Belloc anatulutsa buku lake la nkhani zochenjeza ana mu 1907, momwe muli mnyamata Jim amene anathawa womulera n'kudyedwa ndi mkango, ndi Matilda wabodza amene anapsera m'nyumba chifukwa atakuwa kuti moto anthu sanamukhulupirire.

Zidole, akodiyoni ndi sowo yoimba

Tsopano tidumphe zaka pafupifupi 150 kuchokera pa buku la Hoffmann. Koma choyamba pali liwu limodzi lachilendo loti mulidziwe, cabaret. Ndi mtundu wa zisangalalo zochitikira m'kachipinda kakang'ono, anthu atakhala pamatebulo akudya ndi kumwa, kutsogolo kukubwera woimba, kenako wanthabwala, kenako wovina, aliyense kanthawi kochepa. Malo otchuka oyambirira anatsegulidwa ku Paris mu 1881, dzina lake Le Chat Noir, kutanthauza Mphaka Wakuda. M'malo otere oimba sankaopa kuseka zinthu zimene anthu amaziopa: umphawi, akuluakulu a boma, ngakhale imfa. Makolo anu amene anamverako Izeki ndi Jakobo a ku Malawi akudziwa kukoma kwa nthabwala yoluma, ija umaseka kenako n'kuzindikira kuti akunena iwe.

Mu 1989 ku London kunabadwa gulu la oimba a mtundu umenewu lotchedwa The Tiger Lillies. Mtsogoleri wake, Martyn Jacques, amadzipaka nkhope yonse mbuu, kuzungulira maso n'kudetsa, kuvala chipewa chakuda, n'kumaliza akodiyoni. Ndi bambo wamkulu ndithu, koma akatsegula pakamwa mawu ake amatuluka aang'ono, okwera ngati a kamtsikana. Mnzake Adrian Stout amaliza chigitala chachikulu choimika pansi, chofanana ntchito ndi babatoni wa anyamata a kwathu kuno, ndipo amadziwanso kuliza sowo. Inde, sowo yochekera matabwa. Amaipana ndi mawondo, kuipinda pang'ono, n'kumakhuza uta wa vayolini m'mphepete mopanda mano. Imalira ngati mphepo yodutsa pamanda. Woimba ng'oma wawo wa nthawi imeneyo, Adrian Huge, ankamenya ndi mapoto ndi zidole za ana zomwe. Inu amene mumapanga banjo ndi chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga, dziwani kuti muli ndi anzanu ku London.

Mu 1998 gululi linagwirizana ndi akatswiri a zisudzo awiri, Julian Crouch ndi Phelim McDermott, n'kupanga sewero lotchedwa Shockheaded Peter, kuchokera m'buku la Hoffmann lija. Linayambira mumzinda wa Leeds, n'kupita ku London, kenako New York ndi mizinda ina. Analitcha junk opera, ndiye kuti sewero la nyimbo lopangidwa ndi zotolatola. Nsanja yake inali ngati kanyumba ka zidole kokhota, kodzaza timakomo ndi timawindo, ndipo pakhomo lililonse pankatha kutulukira chilichonse. Moto umene unapsereza kamtsikana ka machesi sunali moto weniweni. Zinali nsalu zofiira ndi zachikasu zimene ankazitukula pa diresi lake imodziimodzi mpaka iko kubisika.

Opanga sewerolo anasintha chinthu chimodzi chachikulu. M'buku la Hoffmann ana ena amapulumuka: wina amangonyowa atagwera mumtsinje, wina amangogwetsa mbale za patebulo. M'sewero anaganiza zongowamaliza. Nyimbo inkayamba mokoma ngati yogonekera khanda, n'kukathera kumanda, ina n'kuyambanso chimodzimodzi. Pofika mwana wachitatu kapena wachinayi oonerera ankadziwiratu kumene zikupita, ndipo ankayamba kuseka nyimbo isanathe. Anawonjezeranso nkhani imene m'buku mulibe. Bambo ndi mayi ankalira mwana kwa nthawi yaitali. Mwana atabwera, anali wa tsitsi lanyankhalala ndi zikhadabo zazitali, ndipo iwo pochita manyazi anamubisa pansi pa matabwa a m'nyumba. Kuyambira pamenepo mtendere unawathawa. Mukaona bwino, sewerolo chala chake silinaloze ana osamvera. Linaloza akuluakulu amene amafuna mwana wosalala ngati wa pachithunzi. Mu 2002 linalandira mphoto ya Olivier, imene ndi mphoto yaikulu ya zisudzo ku London.

Ambuya anayamba kale

Mwina mukuti, zonsezo n'zakutali, ife zikutikhudza bwanji? Dikirani dzuwa lilowe. Nsima ikadyedwa, mbale zikatsukidwa, makamaka miyezi ya pambuyo pokolola pamene kulibe zodzukira kumunda mbandakucha, ambuya amakhala pafupi ndi moto n'kuti, "Padangokhala." Inu nonse, "Tili tonse!" Pamenepo sewero layamba. Nsanja ndi mphasa, nyali ndi moto, ochita sewero onse ndi ambuya okha: mawu a fisi ndi iwo, a kamwana kolira ndi iwo, a mfumu ndi iwo. Gulu la oimba ndinu.

Nthano imene inkanditsekera tulo ine ndi ya Kamdothi. Amaifotokoza mosiyanasiyana malinga ndi mudzi, koma ambuya anga ankati panali mayi amene analibe mwana. Anzake akamatuma ana awo kumadzi, iye ankangoyang'ana. Tsiku lina anakumba dongo, naumba kamwana kokongola, ndipo kamwanako kanayamba kupuma, kuyenda ndi kulankhula. Lamulo linali limodzi lokha: kasanyowe ndi mvula. Ndiye Kamdothi akapita kosewera, mitambo ikayamba kuda, mayi ake ankaima pakhomo n'kuimba nyimbo yomuitana, iye n'kuthamangira kunyumba. Ulendo woyamba anafika mvula isanadonthe. Wachiwiri anafika madontho oyamba akugwa. Koma masewera amakoma, ndipo tsiku lililonse anzake ankapita naye patsogolo pang'ono. Tsiku lomaliza nyimbo anaimva ndithu, kuthamanga anathamanga, koma mtunda unatalika. Mayi anatola dongo lokhalokha panjira.

Nyimbo yake sindiilemba pano, kafunseni ambuya anu akuimbireni, chifukwa nyimbo ya nthano papepala imazizira. Koma taonani ntchito imene imagwira. Imabwera katatu kapena kanayi, mawu ake osasintha, chuni chake chosasintha. Chimene chimasintha ndi inu. Koyamba mumavomera mukuseka, kachiwiri mukuomba m'manja, komaliza mumavomera chapansipansi chifukwa mwadziwa kuti mwana uja safika. Anthu a ku London aja anagwiritsa ntchito nzeru yomweyi, kungoti iwo anaipotoza kuti ithere kuphwete pamene ambuya amaithera kuchisoni.

M'buku la Hoffmann mulinso mwana wa mvula. Dzina lake Robert. Ana anzake atabisala m'nyumba chifukwa cha mkuntho, iye anatuluka ndi ambulera, mphepo n'kumunyamula pamodzi ndi ambulerayo, chipewa chili patsogolo, mpaka anasowa m'mitambo. Mukawaika pamodzi awiriwa, ine ndimaima ndi Kamdothi. Robert ndi nthabwala, ukatseka buku waiwala. Koma Kamdothi analakwa chiyani kwenikweni? Ankangofuna kusewera ngati ana ena. Ndikukula ndinazindikira kuti nthanoyi imalira mayi uja kuposa mmene imadzudzulira mwana, ndipo m'midzi yathu, momwe amayi ambiri anaikapo ana aang'ono m'manda, akuluakulu akamaimva amamva zina zimene inu simunayambe kumva.

Zoseketsa nazo tili nazo. Kumbukirani ya mtsikana wokongola amene ankakana mwamuna aliyense wa m'mudzi, uyu wafupika, uyu mano ake, mpaka kunabwera mlendo wosalala, wovala bwino, iye n'kulola tsiku lomwelo. Atafika kwa mwamunayo, kamlongo kake kamene kanamutsatira mokakamira ndi kamene kanaona usiku kuti mlamu uja wasanduka chilombo, ndipo akuimba ndi anzake za mmene adzadyere mkaziyo akanenepa. Nyimbo ya zilombozo ndiyo imakoma kuposa zonse! Ana amaivomera mokweza, ena n'kuimirira kuvina, kuiwala kuti akuimba nawo nyimbo ya odya anthu. Ngakhale miyambi yathu ina ndi nthano zoopsa zofupikitsidwa. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Tangoganizani chithunzi chimenecho! Koma amene amanena mwambiwu nthawi zambiri amanena akumwetulira.

Pabwalo

Boma lathu lino la Maravia, limene likulu lake ndi Fingoè, dzina lake likuchokera ku Maravi, ufumu wakale wa makolo athu. Ndiye n'zosadabwitsa kuti kuno, monga kutsidya kwa malire ku Zambia ndi ku Malawi, kuli Gule Wamkulu. Za kudambwe sindinena, zimenezo si za patsamba la ana. Ndinena zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo.

Ng'oma zikalira, chilombo chikatulukira kuchokera kutchire fumbi lili koboo, mumatani? Mumathawa. Koma mumathawa mukuseka, ndipo simupita patali, mumakaima kuseri kwa nkhokwe n'kumasuzumira. Kasiyamaliro amabwera ndi ulemu wake, Makanja amayenda mutu uli pafupi ndi nthambi za mitengo, Simoni ndi nkhope yake yofiira amakumbutsa mzungu amene dzuwa lamuwamba. Zilombo zambiri zimaonetsa dala khalidwe loipa, uchidakwa, umbombo, kunyada, ulesi, ndipo zimachita mopitirira muyeso kuti anthu aseke n'kuzindikira kuti munthu wotere sayenera kutsanziridwa. Amayi amaimba ndi kuomba m'manja, ndipo mawu a nyimbozo amakhala ndi minga. Onaninso kumene gule amavinidwa: pachinamwali, polonga mfumu, ndi pamaliro. Inde, pamaliro penipeni, pamene anthu ali ndi chisoni, pamabwera chilombo choseketsa. Ndiye zoti imfa, nyimbo ndi phwete zikhale pabwalo limodzi ife sitinaphunzire kwa a ku Paris.

Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Mozambique, Malawi ndi Zambia ndi chuma chapadera cha anthu onse a padziko. Chaka chilichonse mu Ogasiti magule a mayiko atatuwa amakumana pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ena a inu muli ndi atsibweni amene anapitako. Ku Mua, m'boma la Dedza ku Malawi, wansembe Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo anatha zaka zambiri akulemba mayina a zilombo mazanamazana pamodzi ndi zimene chilichonse chimaphunzitsa.

Nanga kusekako kumachokera kuti?

Gwirani pamwamba pa chiuno chanu chakumsana. M'kati mmenemo muli impso ziwiri, ndipo pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono ngati kachipewa. Mukadzidzimuka, tiziwalo timeneti timathira m'magazi mankhwala otchedwa adrenaline. Mtima umagunda msanga, mpweya umathamanga, maso amatseguka kwambiri, miyendo imakonzeka kuthawa. Thupi limachita zimenezi likaona njoka panjira, ndipo limachitanso pang'ono ambuya akatsitsa mawu n'kuyamba kulankhula ngati fisi. Kusiyana kwake n'kwakuti pamoto paja mutu wanu ukudziwa kuti fisi kulibe, mwatsamira mwendo wa amayi, mng'ono wanu ali pambali. Mphamvu ija yasonkhana, kothawira kulibe chifukwa chothawa palibe, ndiye imatulukira pakamwa ngati phwete. N'chimodzimodzi ndi katungwe. Akakukankha kwambiri m'mimba mumachita zii, umakuwa, koma ukatsika umati andikankhenso.

Chachiwiri ndi kukula kwa chilango. Mwana akayamwa chala, chilango choyenera n'kumutulutsa chalacho m'kamwa. Koma telala ndi chisizasi? Wokana msuzi kufa m'masiku asanu? Ngakhale mwana wa zaka 5 amaona kuti apa munthu wamkulu wakokomeza, ndipo kukokomezako ndiko kumaseketsa. Zili ngati munthu wopha nyerere ndi musi. Ine ndimakhulupirira kuti Hoffmann ankadziwa zimenezi, paja dzina loyamba la buku lake linkanena za nkhani zosangalatsa ndi zithunzi zoseketsa. Komabe anthu akhala akukangana za bukuli mpaka lero. Ena amati ndi nthabwala, ena amati linaopseza ana ambiri mopitirira, makamaka aang'ono kwambiri amene sanathe kusiyanitsa nthabwala ndi zoona. Mbali yachiwiriyi ili ndi mfundo. Inu akuluakulu a m'gulu la ana, mukamafotokozera ang'ono anu nthano, muziyang'ana nkhope zawo. Amene wasiya kuvomera, maso ali tong'o, ameneyo phwete lamuthera, mufulumire kubweretsa Kalulu.

Ndiye pali nyimbo. Mawu oopsa akakwera pa chuni chokoma, mutu umasokonezeka pang'ono, khutu likuti vina, nkhani ikuti thawa. Kusagwirizana kumeneko nakonso kumatekenya. Nyimbo imathandizanso kukumbukira. Malangizo a dzulo mwaiwala kale, koma nyimbo ya nthano imene munamva muli ndi zaka 4 mukhoza kuiimba lero osaphonya. Makolo ankadziwa kuti ng'ona za mu Zambezi n'zenizeni, moto wa m'khitchini ya udzu ndi weniweni, alendo olankhula mokoma si onse abwino. Sakanatha kukhala nanu paliponse, ndiye anakupatsani nyimbo kuti iziyenda nanu.

Pali chinthu chimodzi chimene nthano zathu zili nacho choposa buku la dokotala uja, ndipo ndi mawu awiri aja, "Tili tonse." Mwana wa ku Frankfurt ankatha kutsegula buku ali yekha n'kukumana ndi telala maso ndi maso. Ku London oonerera ankakhala mumdima, oimba ali kutsogolo. Pamoto pathu palibe woonerera. Ukasiya kuvomera nthano imaima, ndipo ambuya amafunsa ngati wagona. Fisi akamabwera amapeza anthu khumi akuimba.

Kwathu nthano ikatha ambuya ankatituma kuti tikaphule mbatata pamoto, ife n'kuyankha kuti yapserera. Mbatata yake nthawi zambiri panalibe, inali njira yotsekera chitseko cha nthano kuti zilombo zitsale mkati, ife tikagone. Koma sizinkatsala zonse. Poyamba paja ndinakufunsani za chikuni chamoto ndi kukodza pogona. Ndiulule lero. Zinandichitikirapo kamodzi ndili ndi zaka 7, ndipo m'mawa mwake amayi anati ndithu ndinaseweretsa moto. Chikuni sindinachikhudze n'komwe. Usiku umenewo ambuya anali atafotokoza ya mlamu wosanduka chilombo, ndinadzuka pakati pa usiku mkodzo utandigwira, ndinayang'ana chitseko, kunja galu n'kukhosomola, ndipo ndinasankha mphasa.